Mzimu umene unkabwera magetsi akazima

Kwa miyezi isanu, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, ndinkawadzutsa amuna anga kumanda n'kuwatumiza pa WhatsApp kwa amayi oposa 60. Dzina ndinawasintha, ntchito ndinawasintha, ndinawawonjezerako ndi msinkhu poti malemuwo anali aafupi. Ndinkati ndi nkhani yopeka, ya chikondi, yongosangalatsa anzanga. Aliyense pagulupo ankadziwa amene ndikunena koma palibe anatsegula pakamwa, mpaka tsiku limene apongozi anga, amene foni yawo ndi ya mabatani ndipo maso anafooka kalekale, anatuma mdzukulu kudzandiitana.

## Maliro a anthu 30

Amuna anga anatisiya mu Januwale 2021, mwezi uja Covid inalusa mpaka magalimoto a maliro ankachita kupezana pamsewu. Ntchito yawo inali ya magetsi a galimoto. Tsiku limene ndinawasiya pakhomo la chipatala anali atavala juzi yobiriwira, akupuma movutika, ndipo anandiuza kuti ndisaiwale kuchotsa pa tchaja batire ya kasitomala. Mawu awo otsiriza kwa ine ndi amenewo. Batire.

Lamulo la nthawi imeneyo linkalola anthu 30 okha pa maliro. Thupi silinabwere kunyumba. Siwa panalibe, moto panja sunasonkhedwe, amayi a chigwirizano sanachezere kuimba, nkhope sitinaone. Bokosi linalunjika ku Granville, manda aja aliyense muno mu Harare, ku Zimbabwe, amangoti kuMbudzi, ife titaima patali, anyamata ovala zoyera thupi lonse akugwira ntchito ya adzukulu. Ola lisanakwane tinali titakwera kale galimoto. Abale a ku Dedza sanabwere chifukwa Nyamapanda ndi zipata zina za m'malire zinali zotseka kwa anthu wamba. Chipepeso chinabwera pa foni.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo ndili mtsikana maliro a kumudzi ndinkadana nawo: kugona pansi, utsi m'maso, kutunga madzi osapuma, nyimbo mpaka mawu kusasa. Sindinkadziwa kuti kutopa kumeneko kumagwira ntchito yake m'thupi mwa namfedwa. KuMbudzi ndinabwerako wosatopa n'komwe. Ndinavula nsapato, ndinagwedeza dothi, ndinaphikira ana tiyi.

Batire ija ndinaichotsa pa tchaja n'kuiika kuseri kwa chitseko. Mwini wake anaimba kawiri, sindinayankhe.

## Zimene ndinkawerenga mumdima

Ndine telala, ndimasoka mayunifolomu a sukulu m'chipinda chakumaso kuno ku Mufakose. Amene mumakhala muno mukukumbukira mmene zinalili mu 2022: magetsi kuzima mbandakucha, kubwera cha m'ma 10 usiku. Kuyambira dzuwa litalowa mpaka nthawi imeneyo ndinkangokhala, ana atagona, kudikira kuti makina alire. Mnzanga wina wa mukando, gulu lathu losonkherana ndalama, ndi amene anandilowetsa m'magulu a nkhani za pa WhatsApp, zija amalemba m'Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, magawo oyamba aulere, ikangofika pokoma akuti tumizani dola pa EcoCash. Madola ndinatumiza ndithu, ndisaname.

M'nkhani za muno akufa sasowa. Muli ngozi, mzimu wa munthu wophedwa umene umasautsa banja lonse mpaka alipire. Muli njuzu zokokera anthu m'madzi. Muli azibale ake a Peggy wa ku Highfield, chiphadzuwa chija amati amuna amachitola usiku n'kudzidzimuka m'mawa atakumbatira chiliza. Onsewa amabwera kudzalanga kapena kudzaopseza, ndipo ine sankandikhudza. Koma apa ndi apo ndinkapeza ina imene wakufayo ndi mwamuna kapena chibwenzi, wabwera wopanda mlandu ndi munthu, wangomusowa mnzake. Zimenezi ndinkaziwerenga mobwereza mpaka foni kuzima.

Zolembedwa mwaluso sizinali zambiri. Ndikudziwanso kuti anthu ophunzira amaziseka nkhani zotere, amati n'zongonyengerera amayi. Asekeni. Munthu wamasiye amayenda ndi funso limene sangafunse abusa kapena alamu ake: akanati abwere ola limodzi lokha, ndikanawauza chiyani? Nkhani ya chikondi wamba imakugwira ndi chidwi choti kodi awiriwa adzakwatirana. Iyi imayamba ukwati utatha kale, ndipo umawerenga ukudziwa kuti mlendoyo sakhalitsa. Ndi malo okhawo amene ndinapeza funso langa likufunsidwa popanda wina kundiuza kuti limbani mtima.

Chimodzi chokha chinkandivuta: mizimu yonseyi inkayankhula Chishona. Amuna anga anabadwira muno mzindawu ukutchedwa Salisbury, bambo awo atabwera pa malole a Ulere nthawi ya chitaganya n'kutchona. Chishona chawo chinali cha mwana wa m'lokeshoni, chosaterereka ngati changa. Koma m'nyumba mwathu munali lamulo losalembedwa: pokangana tinkakangana m'Chishona, pogwirizana tinkagwirizana m'Chichewa. Mzimu wobwera mwamtendere sukanalonjera m'chinenero china. Mu Ogasiti 2022 ndinayamba kulemba yanga.

## Wogogoda katatu

Inali ya mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika amene mwamuna wake, kalipentala, anamwalira. Magetsi akangozima, pazenera pankamveka kugogoda katatu. Mwamunayo ankalowa, kukhala pa mpando wake, m'nyumba monse n'kununkhira utuchi. Kukhudzana sankatha. Lawi la kandulo lokha ndi limene linkapendekera kumene iye wakhala. Babu ikangoyaka, pampando palibe munthu.

Ndinayamba ndi amayi asanu ndi atatu a kutchalitchi kwathu. Gawo la 10 lisanafike gulu linali litadzaza ana ndi adzukulu a matchona a ku Mabvuku, Tafara, Epworth, ena mpaka ku Johannesburg. Ambiri ankati Chichewa cholembedwa anali atachionapo m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo basi, ndiye ankawerenga mokweza kuti achimve. Magetsi akachedwa kuzima wina ankalemba kuti lero azime msanga, tione bambo wathu. Mkulu wina wa mpingo anandiimitsa panja pa tchalitchi n'kundikumbutsa Mlaliki 9:5, kuti akufa sadziwa kanthu bi. Ndinawayankha mwaulemu kuti ndi nthano chabe. Sindinawauze kuti gawo likachedwa woyamba kufunsa amakhala mayi a kunyumba kwawo.

Monga zimakhalira m'nkhani zotere, munalinso mwamuna wamoyo: mwini kalole kobweretsa tomato kuchokera ku Mutoko, munthu wofatsa, wamasiye nayenso. Magawo 40 onse sindinamulole kumaliza chiganizo. Akati ayambe kuyankhula, magetsi ndinkawazimitsa.

Anthu ankandiyamika kuti kulembako kukundichiritsa, inenso ndinkavomera. Koma masiketi anga ndinkawabweza m'chiuno mwezi ndi mwezi. Mayunifolomu a Januwale ndinachedwa nawo, makolo ena anakasoketsa kwina. Magetsi akabwera, m'malo mothamangira ku makina ndinkapsa mtima. Usiku wina mwana wanga wamkazi anandipeza ndikutsegula zenera mumdima, anangondiyang'ana n'kubwerera kukagona.

## Pa mphasa ya apongozi

Apongozi amakhala mizere iwiri kuchokera kwathu, m'nyumba ya zipinda zinayi imene anapatsidwa apongozi aamuna ali pantchito. Anabwera kuchokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1960 ali mtsikana, ndipo mpaka lero Chishona amachiyankhula ngati akuchichitira chifundo. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala akusadzula nkhwani. Ndinagwada, tinalonjerana. Anayamba ndi za mvula, za chimanga chawo cha kuseri, za bondo. Ine ndikungodikira.

"Nkhani yanu ija tikuimva, aNaphiri. Mwanayu amandiwerengera pa foni ya amake. Mumalemba bwino."

Ndinathokoza, mtima ukugunda.

"Koma munthu mwaikamoyo sindikumudziwa."

"Ndi wopeka, amayi."

"Eya, wopeka. Wopeka wogogoda katatu." Anakoka ulusi wa nkhwani mpaka kumapeto osandiyang'ana. "Kugogoda katatu adatengera bambo ake. Koma wanga uja adali waliuma. Akakwiya ankatha masiku awiri ali duu. Ndalama ankabisa m'bokosi la masipanala, inu nomwe mudabwera pano kudzandidandaulira. Mkonono wake agalu ankauyankha. Wanuyu akungoti pepa, pepa, ndimakukonda. Mwamuchapa mpaka wasuluka."

Ndinaseka pang'ono, kuseka kwa manyazi. Ndinkaganiza kuti athera pomwepo.

"Kwathu munthu wakufa sabwera chabe. Ukamulota ndiye kuti chilipo chimene akufuna. Mwina akumva kuzizira, mwina manda amera tchire, mwina dzina lake simudapatse mwana. Mukamuchitira amapita, amakagona. Ndiye ine ndamvetsera magawo 40. Wanuyu akufuna chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinayendayenda m'mutu m'magawo onse aja. Kalipentala wanga ankabwera, ankamvetsera, ankatonthoza, ankachoka. Sanapemphepo ngakhale madzi akumwa.

"Safuna kanthu," anadziyankha okha. "Wofuna ndinu. Ndiye musamati akukuyenderani. Ndinu mukumudzutsa munthu kawiri pa sabata."

Apa ndinapsa mtima, ndipo ndinayankhula mmene mtengwa sayenera kuyankhulira. Ndinati amayi, inu abambo atamwalira munagona pa siwa masiku atatu, munawaona nkhope, Mufakose yonse inabwera, a gule anabwera, munalira mpaka kukhuta. Ine ndinapatsidwa chiyani? Nambala pa kachitsulo ndi batire ya mwini wake. Mundisiye ndi kamunthu kanga ka pa foni.

Anaika nkhwani m'lichero. Anapukuta manja pa chitenje, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Nanga ine ndidamuona nkhope mwana wanga?"

Zaka ziwiri zathunthu ndinali ndisanaganizepo zimenezi. Pa anthu 30 aja apongozi panalibe. Tinagwirizana tonse kuti ndi achikulire, matendawa angawatenge, atsale. Ndinali nawo pogwirizanapo. Tsiku limene tinkaika mwana wawo iwo anali pa mphasa yomweyi, okha, ndi mdzukulu wa zaka zisanu ndi zinayi, akumvetsera magalimoto odutsa. Ndipo miyezi isanu yonseyi, Lachiwiri ndi Lachisanu, ankakhala pansi kumvetsera mwana wawo akubwera kwa mkazi wake usiku uliwonse osadutsirako kwa amake ngakhale kamodzi.

Sindikudziwa anayamba ndani. Kunali kulira kwa kumudzi, kotchula dzina, kofunsa wakufayo mafunso, kumene sindinkadziwa kuti ndimakutha. Anansi anathamangira kuganiza kuti pagwa maliro ena. Mayi wina wa nyumba yoyandikana atamva dzina limene tikutchula sanafunse kanthu, anangovula nsapato n'kukhala nafe pansi. Nkhwani uja anaphika ndi iyeyo.

## Gawo la 41

Linanditengera masabata atatu, gulu likungofunsa ngati ndadwala.

Choyamba ndinamubwezera kalipentala uja zilema zake. Mkazi wake anapeza ndalama zobisidwa m'chitini cha misomali, ndipo magetsi atazima anakangana koopsa, m'Chishona, mwamunayo n'kunyanyala masiku awiri osagogoda. Aka kanali koyamba kuti amayi a pagulu aseke. Wina analemba kuti tsopano ndiye wafanana ndi mwamuna.

Kenaka ndinafufuza chimene akufuna, ndipo ndinachipeza pamene sindinkafuna kuyang'ana. Munthuyu sankadziwa kuti anafa. Akanadziwa bwanji? Palibe anamuimbira usiku wonse, palibe anamusambitsa, palibe anayankhula pa manda ake kumuuza kuti pitani bwino. Iye ankangoona ngati akuchedwa kuweruka. N'chifukwa chake usiku uliwonse ankafunsa ngati mwini chitseko chimene ankapala uja wabwera kudzatenga. Ankafuna wina amuuze zoona, ndipo womuuza anali mmodzi yekha, yemweyo amene ankapindula ndi kusadziwa kwakeko.

Chiganizo chake n'chachifupi. "Bambo, inu munamwalira." Ndinachilemba ndi kuchifufuta kosawerengeka. Mwamunayo sanalire, sanakuwe. Anayang'ana manja ake nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati mmene amuna anga akanafunsira, mokwiya pang'ono: "Nanga osandiuza bwanji nthawi yonseyi?" Asanapite anapempha chinthu chimodzi, kuti amuperekeze kwa amake.

Amayi asanu ndi awiri anatuluka pagulu usiku womwewo. Mmodzi anandilembera payekha kuti ndawononga nkhani yabwino, ndipo sindimuimba mlandu, iyenso anali ndi wake amene ankamudikira mumdima. Mtsikana wina wa ku Johannesburg, amene mayi ake anaikidwa iye akuonera pa foni, anatumiza uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. Mawu enieni munali ochepa.

Lero ndikawerenga nkhani za mtundu umenewu ndimaziyesa ndi funso la apongozi. Zambiri zimagwa. Mzimu umakhala wokoma ngati shuga, wopanda chofuna, wongobwera kudzasisita wamoyoyo, ndipo wolemba amaukoka magawo 100 chifukwa owerenga akulipira. Zotero ndinazikonda, ndipo zinandisunga ndili wamoyo miyezi ina yovuta, sindingazinyoze. Koma zinandisunganso pamalo amodzi.

## Mbale ndi K1,000

Anansi athu Achishona ali ndi kurova guva, mwambo wobweza mzimu kunyumba kuti uziyang'anira ana. Ena anatilangiza kuti tichite chomwecho poti malemuwo anabadwira konkuno. Apongozi anakana, anati tichita zakwathu. Tinasankha Ogasiti 2023, pa tchuthi cha Heroes, nthawi imene mabanja ambiri muno amavundukula ziliza. Amalume awo a malemu anabwera pa basi kudzera ku Tete ndi Nyamapanda, atanyamula ufa woyera ndi thumba la nyemba ngati kuno kulibe chakudya.

Usiku umenewo tinachita siwa imene inachedwa zaka ziwiri ndi theka. Moto panja, abambo atazungulira, amayi a chigwirizano m'nyumba nyimbo mpaka kucha. Magetsi anazima cha m'ma 4 ndipo palibe anazindikira msanga. M'mawa tinapita kuMbudzi, apongozi ali kutsogolo kwa galimoto. Atafika anagwada pa chiliza n'kuyamba kumukalipira mwana wawo chifukwa chopita osatsanzika, kenaka anamuuza nkhani zonse za pa mzere wathu, amene anakwatiwa, amene anamangidwa, mtengo wa mafuta ophikira. Tinawadikira.

Titabwerera kunyumba amalume anaitanitsa mbale. Anaikamo K1,000 ya ku Malawi, ndalama yoti muno singagule ngakhale machesi, n'kuikankhira kwa ine. Anati mwana wathu munamusunga bwino, mwamulira mokwanira, lero takusudzulani. Nyumba ndi yanu ndi ana. Mukapeza wokusungani, ife tilibe mawu.

Ndinali nditamvapo mawu amenewa akunenedwa kwa amayi ena kumudzi, ndipo ndinkawaona ngati kuthamangitsa munthu mwaulemu. Atanenedwa kwa ine ndinamva ngati wina wanditula mtolo umene ndinaiwala kuti ndasenza, khosi n'kuyamba kuwawa pamenepo. Apongozi anadikira kuti amalume amalize, kenaka anati, "Ine si Naomi, Boazi woti ndikulozereni ndilibe. Mudzipezere nokha." Anthu anaseka, ine ndikulira.

Sabata yotsatira ndinamuimbira mwini batire uja. Anadabwa, anati anagula ina kalekale, ndichite nayo zimene ndikufuna. Ndinaigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha. Kuseri kwa chitseko kunatsala banga la asidi pa simenti, silichoka.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinatha. Magetsi akazima khutu limapitabe kuzenera lisanandifunse. Juzi yobiriwira ija chipatala chinatibwezera m'pepala la pulasitiki, ndipo ili m'sutikesi, sindinaipereke kwa munthu. K1,000 ija ili m'buku la nyimbo.

Nkhaniyo ndinaisiya pa gawo la 44, kalipentala atapita. Ndinkaona ngati yatha. Mwezi wathawu ndinapita kukawapatsira apongozi diresi limene ndinawasokera, ndipo ali mkati moyesa, mutu uli m'diresimo, anafunsa:

"Nanga wa tomato wa ku Mutoko uja? Mudamuimika pa geti chaka chathunthu. Mulowetseni munthu amweko tiyi."

Gawo limenelo ndalilemba katatu tsopano. Pakali pano wafika pakhonde, chipewa chili m'manja.